Kansalu Kofiira ka m'Baibulo la Malemu

Amuna anga anamwalira mwezi wokolola mpunga. Anasiya njinga, wailesi, jekete limodzi, nsapato za Lamulungu, Baibulo ndi ana atatu. Anawo palibe amene anawalimbirana.

Kwathu kuno, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kutsidya lino la malire ndi Malawi, mwamuna amakhala kwa mkazi. Akamwalira, abale ake amabwera patapita masabata angapo kudzatenga zake ndi kumasula mkaziyo. Mwambowu ndi wabwino ukamachitikira mnzako. Tsiku langa litakwana tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinatulutsa zonse. Wotsogolera anali alamu anga, mng'ono wawo wa malemu. Pamaliro alamuwa analira mpaka kugwa pansi kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anagwera pafupi kwambiri ndi njinga.

Za njinga ndinalibe mawu, sindidziwa kupalasa. Wailesi inali itafa kale, inkangokhala pawindo kuti alendo aziiona. Baibulo lokha ndinaliika pamiyendo.

"Alamu, bukulo likhalenso pamphasa," anatero.

"Ili lokha mundisiyire."

"Muziliwerenga?"

"Ndiziliyang'ana."

"Buku si kalilole, alamu. Likufuna munthu wa sukulu."

Anthu anaseka pang'ono, monga amasekera pamalo a chisoni, kenaka anayang'ana pansi. Ndinawapatsa bukulo. Sukulu ndinalekera segunda, kalasi yachiwiri, nkhondo itafika kwathu. Titathawira ku Malawi ndinalowako sukulu ya kwacha kumsasa wa othawa nkhondo miyezi ingapo, ndipo ndinatulukamo ndikudziwa kulemba dzina langa ndi kuwerenga mawu a pathumba la ufa. Alamu anga anafika kalasi yachinayi. Kwawoko munthu wotero amamuyesa dokotala.

Baibulolo malemu analandira kumsasa komweko. Chikuto chake chinathothoka kalekale, ndiye analikutira ndi saka la ufa n'kumalimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. M'mawa uliwonse tisanapite kumunda ankakhala pakhonde n'kuwerenga mokweza, ine ndikusesa. Mawu akandigwira mtima ndinkasiya tsache, kung'amba kansalu pa kapulana yakutha, chitenje chathu chakuno, n'kuwapatsa kuti aike pamenepo. Mayina a mabuku ndi manambala a mavesi sindinkawadziwa. Ine Baibulo ndinkalidziwa ndi nsalu. Ndikatopa ndinkati, "Abambo, ndiwerengereni pa kobiriwira," iwo n'kuwerenga za mbusa ndi nkhosa zake. Mwana wamwamuna akandikwiyitsa ndinkapempha pa kamaluwa, pa nkhani ya mwana amene anamwaza chuma n'kukaweta nkhumba. Kachikasu kokha anaika okha osandifunsa, ndipo kanali pa mawu onena kuti akazi azimvera amuna awo. Pamenepo ankatsegula popanda wowapempha.

Tinsalu timeneti tinali topitirira makumi awiri, ta zaka zoposa makumi atatu.

Alamu anga atalandira bukulo anamasula mphira, analiyang'ana m'mbali mmene munkatuluka tinsalu, napukusa mutu.

"Achimwene Mawu a Mulungu anawasandutsa dengu la telala," anatero.

Analigwira kumsana n'kulikutumula ngati mkeka wa nsikidzi. Tinsalu tonse tinagwera m'fumbi. Iwo ankaona kuti akulilemekeza bukulo, ndipo ena pamphasapo anagwedeza mutu kuvomereza. Ine ndinagwada n'kutola kamodzikamodzi, n'kumanga pansonga ya nsalu imene ndinavala.

Pa tinsalu tonseto panali kamodzi kofiira. Mwana wathu woyamba anali wamkazi. Ndinamubereka kumbuyo ulendo wonse wothawa, m'kapulana yofiira, ndipo anamwalira kumsasa ndi chikuku asanakwanitse zaka ziwiri. Manda ake ali kutsidya kwa malire, pamalo pamene akuti lero analimapo chimanga. Alibe pepala lililonse, ngakhale la kusikelo. Atamuika ndinakhala masiku anayi osadya. Tsiku lachisanu amuna anga anatenga Baibulo, likadali latsopano, anakhala pambali panga natsegula. Anawerenga kuti: Mayi iwe, mwana wako sanatayike, atero Mulungu. Ndamubereka ine kumbuyo kwanga, ndipo kuno salira njala. Dzina lake ndalilemba. Pukuta misozi, dzuka, udye.

Ndinadzuka, ndinamwa phala. Kenaka ndinang'amba kapulana ija n'kuwapatsa kansalu. Kameneko ndiko kanali koyamba kulowa m'bukumo.

Chaka chilichonse, mwezi umene mwanayo anamwalira, ndinkati, "Abambo, pa kofiira." Ankatsegula pa kofiira n'kuwerenga. Nthawi zina mawu ankasiyana pang'ono ndi a chaka chatha, koma ndinkati woiwala ndi mutu wanga. Chaka china, titayambana za mbuzi imene anagulitsa osandiuza, mawuwo anathera ponena kuti ndiponso usamakalipire mwamuna wako. Ndinadabwa kuti Mulungu amaona patali chotero.

Tsopano kansalu kanali m'manja mwanga, buku kwa alamu, ndipo wodziwa malo ake anali kumanda. Ndinkaopa chinthu chimodzi: kuti mwezi uja ukadzafika, sipadzakhala ponditsimikizira kumene kuli mwana wanga.

Alamu anga ankafuna ukulu wa mpingo umene achimwene awo anasiya. Kutchalitchi kwathu munthu wofuna udindo amayamba ndi kukhala kutsogolo, buku m'khwapa, ndi kutsokomola pamene mlaliki wanena mawu olemera. Zonsezi anazichita bwino. Vuto linabwera atawapatsa kuti awerenge. Agogo okhala kumbuyo, amene sadziwa chilembo ngakhale chimodzi, mawu ambiri anawaloweza kuchokera pakamwa pa malemu. Alamu akaphonya, iwo ankawakonza mokweza, onse pamodzi, ngati ana a sukulu. Patapita masabata atatu alamu anapalasa njinga ya malemu mpaka ku tauni ya Insaca, n'kubwerako ndi Baibulo la Chipwitikizi, lakuda, la zipi. Kuyambira pamenepo amawerenga mwa Chipwitikizi n'kumasulira okha, ndipo palibe wowakonza. Ukulu anaupeza chaka chomwecho. Lakale lija anatuma akazi awo kudzandibwezera.

"Akuti likununkha utsi ndi nsomba," anatero mayiyo, akulitula pakhonde.

Ndinalilandira ndi manja awiri. Tsiku lomwelo ndinalitsegula ndekha, koyamba m'moyo wanga. Masamba ambiri anali ndi mabanga, ena a madzi, ena a mafuta, ena a ndiwo. Ndinakumbuka kuti pobwerera kuno mtendere utabwera, katundu wathu ananyowa tikuwoloka dambo, ndiponso kuti kapulana yofiira ija inkasuluka ikakhudza madzi. Ndinavundukula tsamba ndi tsamba mpaka ndinapeza banga lofiira, lalitali ngati chala. Ndinayesa kuwerenga, koma mawu a pamenepo ankakana kulowa m'kamwa.

Ndinapita nalo kwa amayi atcheya a gulu lathu la amayi la Lachinayi, n'kuwauza za kansalu ndi bangalo. Amayiwa ali ndi duku loyera kuposa aliyense mumpingo, ndipo akamapemphera amamufotokozera Mulungu zinthu ngati Iye ndi mlendo m'mudzi muno. Anavala magalasi, anayamba pamwamba pa tsamba, anapunthwa pamzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, natseka.

"Amayi, apa palibe chakudya cha mzimu. Ndi mayina okhaokha. Uje anabala uje, uje anabala uje."

"Palibe ponena za mayi woferedwa mwana?"

"Mayina, ndakuuzani. Ngakhale abusa amangodumphapo apa. Kansalu kanu kanangogonapo tsiku limene katundu ananyowalo. Malo ake ndi ena."

Zinamveka zanzeru, ndipo ndinazikhulupirira. Kenaka anandipatsa kabuku ka mawu a tsiku ndi tsiku kuti ndiyambire pofewa.

Timabuku timeneti timachokera ku Malawi. Timalowera pa malire a Entre Lagos m'chikwama cha wamalonda wina, ndipo timafika kuno mu Epulo. Tsamba lililonse lili ndi tsiku lake, kuyambira tsiku loyamba la chaka. Titayamba kulandira, amayi anakhala pansi n'kugwirizana kuti kudumpha Mawu a Mulungu a miyezi itatu ndi tchimo. Ndiye timayambira tsamba loyamba, kabuku kafike liti kafike. Chotero ife a Lachinayi timafunirana chaka chatsopano chabwino mu Epulo, Ambuye timawapachika mu Julaye kukuzizira, ndipo Khirisimasi timaipeza mu Malichi tikudya chimanga chachiwisi. Mtsikana wina wa ku sekondale anati bwanji tiziwerenga tsamba la tsiku lomwelo. Anamuuza kuti akakwatiwa adzamvetsa.

Kabukuko sindikukanyoza. Zilembo zake n'zazikulu, nkhani zake zazifupi, ndipo ndi kamene kanamasula lilime langa. Kankandiuza nambala, ine n'kukaisaka m'buku lalikulu, mpaka ndinadziwa ntchito ya nambala yaikulu ndi ya yaing'ono. Koma kamayenda ngati nkhuku, kujompha apa, kujompha apo. Ndinaona kuti ndikatsata kameneka ndidzafa ndisanafike pa kofiira.

Ana anga aamuna anakwatira kutali. Wamkazi amakhala ku tauni ya Cuamba, ndipo atabwera kudzandiona ndinamuuza vuto langa. Anatulutsa foni, anati ndinene mawuwo, iye n'kumadinadina.

"Amama, foni ikuti mulibe."

"Foniyo inabatizidwa kuti?"

"Muli Baibulo lonse muno, amama."

"Lonse m'kachinthu kameneko? Ndiye anadula zina kuti likwane."

Atapita ndinaganiza zochita monga ndimachitira popalira: kuyambira mzere wa kumalire, osasiya mzere, mpaka munda utha. M'mawa uliwonse ndikatha kusesa ndinkakhala pamalo a malemu, chitini chimene ndinasungamo tinsalu pambali, chala patsamba, ndikuwerenga mokweza chifukwa chamumtima sindinkatha. Masiku oyamba mizere isanu ya m'buku inkandidyera nthawi yopalira mizere khumi ya kumunda.

Njira yochokera kunyanja imadutsa pakhomo panga. Pali mayi wina wachisilamu, wamasiye ngati ine, amene amadutsa m'mawa ndi beseni la nsomba pamutu. Tsiku lina anaima.

"Anzanga, mukukangana ndi ndani?"

"Ndikuwerenga."

"Ndimayesa mwagwira wakuba. Nanga bukulo mwalisendezeranji kumphuno, mukulinunkhiza?"

"Zilembo zake ndi nyerere."

M'mawa mwake anabwera ndi magalasi a malemu amuna ake, mwendo umodzi womanga ndi ulusi wa ukonde.

"Awa anawerengera buku lathu zaka zambiri," anatero. "Sindikudziwa ngati alola lanu. Yesani."

Analola.

Zimene ndinapeza m'bukumo si zimene ndinkayembekeza. Malemu ankandiwerengera zosankha, ngati munthu wochotsera mwana minga pansomba. Ine ndinakumana nazo ndi minga yomwe. Ndinapezamo abale olimbirana chuma cha bambo awo, amuna onama kuti akazi awo ndi alongo awo, akazi awiri a mwamuna mmodzi akupikisana kubala. Ndinapezamo anthu othawa ndi mitolo pamutu, amene atapulumuka anayamba kudandaula kuti chakudya cholandira n'chimodzimodzi tsiku lililonse. Amenewo ndinawazindikira. Tinali nawo pamzere wa ufa ndi nandolo kumsasa, ndipo mmodzi mwa iwo ndinali ine. Kale ndinkayesa anthu onse a m'Baibulo ndi a duku loyera. Nditaona kuti Mulungu anayenda ndi anthu oterewa osawataya, ndinasiya kumusankhira mawu popemphera. Ndinayamba kumuuza zinthu monga ziliri, za bondo langa, za namsongole, za mkwiyo wanga ndi alamu.

Penanso ndinkatseka buku. Muli masamba a nkhondo, a midzi yotenthedwa, olembedwa ngati nkhani ya kumsika. Wolemba pamenepo sindikudziwa ngati anathawapo ndi mwana kumbuyo. Ndinakhala masiku atatu osatsegula, ndipo ndinamuuza Mulungu kuti apa sindikumva. Mpaka lero sindinamve. Tsiku lachinayi ndinapitiriza, poti munda susiyidwa chifukwa cha mzere umodzi wa miyala.

Masamba a mayina aja nditawafika ndinathamangapo ndi maso okha, chifukwa anali atandiuza kale kuti palibe kanthu.

Ndikapeza malo a kansalu ndinkakabwezera. Kamawangamawanga kanabwerera pa nkhani ya mkazi wamasiye wokunkha m'munda wa eni. Kobiriwira nditakapezera kwawo ndinaphika nyemba zothira mafuta, pakati pa sabata, popanda mlendo. Chitini chinkapepuka. Mwezi wa mwana wanga unafika kawiri ndili paulendo umenewu. Ndinkagwira kansalu kofiira m'manja n'kunena mawu aja pamtima, koma sizinkakhala. Ndinkafuna chala changa chiime pamzere.

Chaka chachiwiri ndinafika pa nkhani za Ambuye Yesu. Tsiku lina alamu anga, amene tsopano anali akulu a mpingo, anabwera pa njinga ija kudzapempha tambala woti akaphikire abusa oyendera. Anandipeza ndi buku.

"Alamu, mukadaliyang'anabe?"

"Ndikadayang'ana. Mwabwera bwino, pali pena pandivuta. Tandiwerengerani apa."

"Ine Chichewa cholemba ndinasiya. Chimandichedwetsa."

"Ndiye mumvere, mundikonze."

Ndinawerenga pang'onopang'ono pamene Ambuye akuchenjeza za anthu okonda mipando ya kutsogolo ndi mapemphero ataliatali, koma akudya za akazi amasiye. Alamu anayang'ana njinga, anayang'ana tambala, natsokomola monga amachitira kutchalitchi.

"Mwa Chipwitikizi sizimveka choncho," anatero.

Tambala anamutengabe, koma anamunyamula ndi ulemu.

Pa kachikasu ndi pamene ndinagwira malemu. Ndinapeza mawu aja onena kuti akazi azimvera amuna, monga ndinkawamvera zaka zonse. Akafika pamenepo iwo ankatseka buku n'kunena kuti tipemphere. Ine ndinapitirira. Pansi pake pomwepo, tsamba lomwelo, pali mizere yochuluka kuposa yathu, yolamula amuna kukonda akazi awo mpaka kupereka moyo. Ndinayang'ana pakhonde ponse ngati ndiwaona.

"Abambo," ndinatero, "ndiye maso ankathera apa?"

Ndinaseka ndekha mpaka nkhuku zinathawa. Kenaka ndinalira, chifukwa zimene sankawerengazo zambiri ankazichita. Kachikasu ndinakabwezera, koma ndinakatsitsira m'munsi mwa tsamba.

Tsamba lomaliza ndinalifika mpunga utachanso, chaka chachitatu chimwalirireni amuna anga. Ndinawerenga mpaka pamene pathera zilembo. Ndinavundukula ngakhale pepala loyera la kumapeto. M'chitini munatsala kansalu kamodzi, kofiira kaja.

Ndinatsegulanso pa banga lija n'kuika kansalu pamwamba pake. Kanakwana ndendende, ngakhale pamene kanang'ambika mokhota. M'mphepete mwa tsambalo munali modetsedwa ndi chala chachikulu, monga pamakhalira pamene munthu watsegula zaka zambiri. Kansaluko sikanagonepo tsiku lonyowa lija lokha. Pamenepo ndiye panali kwawo. Mwana wanga wa ku Cuamba anali kunena zoona ndi foni yake yosabatizidwa.

Ndinamanga buku ndi mphira wake n'kuliika m'dengu. Sabata lonse sindinaligwire. Zaka zoposa makumi atatu ndinkati ndatsamira pa mawu a Mulungu, osadziwa kuti ndatsamira pa mwamuna wogulitsa mbuzi mobisa.

Mnzanga wa nsomba anaona kuti pakhonde pali zii.

"Mkangano uja watha? Wapambana ndani?"

Ndinamuuza zonse. Anatula beseni, anakhala pansi, naseka mpaka kupukuta m'maso ndi mpango.

"Ndiye tsiku limenelo munadya?"

"Ndinadya."

"Phala linalowa?"

"Linalowa."

"Mukadakonda akuwerengereni uje anabala uje?"

"Anamunamizira Mulungu."

"Zimenezo akambirana okha, ali kumodzi tsopano. Inu mwawerenga buku lonse. Mawu amenewo Mulungu wanu angawakane?"

Anasenza beseni napita, poti dzuwa linkakwera ndipo nsomba zake zinali zaziwisi.

Funsolo ndinapita nalo kumunda. Ndikumweta mpunga ndinayamba kukumbukira kumene ndinadutsa. Za kupukuta misozi ndinaziona kumapeto kwenikweni kwa buku. Za Mulungu wonyamula anthu ake ngati mayi ndinaziona kwa aneneri. Za mayina olembedwa zili malo angapo, za kumene kulibe njala zilimonso. Ngakhale za kudzuka n'kudya zilimo, anauzidwa munthu wina amene anagona pansi pa mtengo akufuna kufa. Za kukalipira mwamuna nazonso zilimo, koma zili kutali kwambiri ndi maliro a mwana, ndipo pamenepo malemu adzandiyankha ndikadzafika. Iwo anatola apa ndi apo n'kulumikiza monga ndimasokera zigamba. Ine sindinazizindikire pokumana nazo chifukwa ndinkasaka nsalu yathunthu.

Nditabwerera kunyumba ndinatulutsa buku m'dengu. Ndinaganiza kuti tsamba limene lasunga kansalu ka mwana wanga zaka zonsezi liyenera kuwerengedwa, ngakhale kamodzi. Ndinayamba pamwamba, dzina ndi dzina, lilime likupweteka. Cha pakati, pansi penipeni pa banga, mayina anaima pang'ono. Pali mizere yochepa yonena za bambo wina amene ana ake anaphedwa. Akuti anawalira masiku ambiri, ndipo abale ake anabwera kudzamutonthoza. Kenaka mayina akupitirira.

Amayi atcheya analekera mzere wachitatu. Ine ndinathamangapo. Amuna anga sindinawaonepo akulira mwana uja, ngakhale tsiku loika. Anakumba nawo manda, anakaima pamzere wa ufa, anandiphikira phala. Sindikudziwa ngati tsiku lija anangotsegula paliponse, kapena anali atapapeza kale m'masiku anayi amene ine ndinagona choyang'ana kukhoma. Wondiyankha palibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti chaka chilichonse maso awo ankakhala pamizere ya bambo wolirayo, pakamwa pakutuluka zanga.

Kansalu kofiira ndinakabwezera pomwepo.

Masiku ano ku Lachinayi amandipatsa ine kabuku kuti ndiwerenge, poti maso a amayi atcheya anafooka. Ndimawerenga tsamba limene andiuza, ngakhale la Khirisimasi mu Malichi, osatsutsa. Ulendo umodzi anandifunsa malo amene ndimakonda m'Baibulo lonse, ndipo ndinawawerengera tsamba la mayina. Atatu anagona. Amayi atcheya anati tindipempherere, kuwerenga kwandichulukira. Sindinawafotokozere. Ine ndimangoona kuti Mulungu amene anasiya malo m'buku lake a anthu osadziwika, oti anangobadwa, kubala ndi kufa, sangasowe polemba mwana wopanda pepala la kusikelo.

Mwezi uja ukafika ndimakhala pakhonde m'mawa, ndimatsegula pa kofiira, ndimawerenga tsamba lonse osadumpha dzina. Ndikafika m'munsi ndimatchulanso mayina awiri, la mwanayo ndi la bambo ake. Ndikudziwa kuti sanalembedwe pamenepo, ndinayang'ana bwino ndi magalasi a eni. Matenda owonjezera mawu amenewa ndinatengera kwa malemu. Kwa akulu a mpingo sindinapite nawo, poti ndikudziwa kale kuti mwa Chipwitikizi sizimveka choncho.